Kulondola mapazi a kholo la Chingerezi lomwe linawoloka nyanja

Agogo anga aakazi ankadziwa zinthu zitatu zokha za bambo awo: kuti anali mzungu wa ku Mangalande, kuti ankayang'anira antchito pa esiteti ina ya tiyi, ndiponso kuti tsiku lina anakwera sitima osabwereranso. Dzina lake ankalitchula momwe linkamvekera m'makutu mwa anthu a pamudzi. Ndinayamba kumufufuza munthuyu ndili ndi zimenezi basi, ndipo chaka choyamba chonse ndinachitaya chifukwa ndinayambira kolakwika. Ndinathamangira ku zolemba za ku England ndisanadziwe tauni yomwe anabadwira. Zomwe ndikulemba panozi ndi njira yomwe ndikanatsata chikhala kuti wina anandiuza.

Njirayi ndi imodzi, kaya kholo lanulo linapita ku Nyasaland, ku Cape Town, ku Sydney, ku Toronto kapena ku New York. Mumayambira komwe munthuyo anathera, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pakhomo pomwe anabadwira. Musawoloke nyanja musanagwire dzina la mudzi kapena tauni yakwawo.

Choyamba: khalani pansi ndi akuluakulu

Musanatsegule kompyuta, tengani kope ndi cholembera mupite kwa wamkulu wa onse m'banja mwanu. Pemphani chilolezo choti mujambule mawu pa foni. Funso loti "Agogo, mundiuze mbiri ya banja" silibala kanthu, munthu amangoti waiwala. Funsani zing'onozing'ono. Ankagwira ntchito yanji? Ankapemphera mpingo uti? Anali ndi mkazi wina kwawo? Makalata ankabwera kuchokera kuti? Pamene amachoka, inu munali msinkhu wanji, kapena kunali kutachitika chiyani? Wokalamba sakumbuka chaka, koma amakumbuka kuti "inali njala ya 1949 isanagwe" kapena "nkhondo ya Hitler itangotha", ndipo chimenecho ndi chaka kale.

Pa dzina samalani kwambiri. Azungu ambiri kuno ankadziwika ndi maina omwe anthu anawapatsa poona khalidwe kapena maonekedwe awo. Mandala yemwe tonse timamudziwa ku Blantyre anali John Moir, anamutcha choncho chifukwa cha magalasi ake a m'maso. Lembani dzina lopatsidwalo, lembaninso dzina la Chingerezi ndendende momwe agogo akulitchulira, kenako muganizire zilembo zonse zomwe zingatulutse kamvekedwe kameneko. M'kamwa mwathu l ndi r zimasinthana, ndipo timawonjezera mawu kumapeto kwa dzina.

John Moir yemweyo akutikumbutsa chinthu china. Iye sanali Mngerezi, anali wa ku Scotland. Kwathu mzungu aliyense wa ku Britain timangoti Mngerezi, pomwe ambiri a mishoni ya Blantyre, ya Livingstonia ndi a kampani ya African Lakes anali a ku Scotland. Zolemba zawo zili kwina, pa webusaiti ya ScotlandsPeople, ndipo boma la kumeneko linayamba kulemba obadwa ndi omwalira mu 1855. Amishoni a UMCA, a Anglican aja a ku Likoma, ndiwo ambiri anali Angerezi enieni. Mpingo wa munthu ukhoza kukuuzani dziko loti mukafufuzeko.

Pomaliza pemphani kuona sutukesi yakale, Baibulo, zithunzi. Tembenuzani chithunzi chilichonse. Kumbuyo kwa zithunzi zakale kumakhala chidindo cha wojambula ndi tauni yake.

Chachiwiri: finyani zolemba za dziko lomwe anafikira

Apa ndi pomwe pali ntchito yaikulu, ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha. Chomwe mukusaka ndi pepala limodzi lomwe likutchula malo obadwira ndi maina a makolo ake. Mapepala otere amalembedwa nthawi ya ukwati, ya imfa, kapena pogawa chuma cha masiye.

Ngati anafera ku South Africa, mwachita mwayi. M'mafayilo a chuma cha masiye a kumeneko mumakhala pepala lotchedwa death notice, lomwe limafunsa komwe womwalira anabadwira, maina a makolo ake, zaka zake, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana onse. Ambiri mwa mapepalawa anajambulidwa ndipo akupezeka pa webusaiti ya FamilySearch, pomwe kulembetsa n'kwaulere. Ngati kholo lanu linali m'gulu la anthu pafupifupi 4,000 omwe anafika ku Algoa Bay mu 1820 n'kukakhala dera la Grahamstown, makalata omwe ankalemba popempha malo ali ku The National Archives, malo osungira zolemba za boma la Britain omwe ali ku Kew mu London, mu gulu la mafayilo lotchedwa CO 48.

Ku Australia zikalata za imfa n'zodzaza bwino. Ku Victoria kuyambira 1853 ndi ku New South Wales kuyambira 1856 zimatchula makolo, malo obadwira, komanso zaka zomwe munthu wakhala m'dzikomo. Chotsani zakazo pa chaka cha imfa, mwapeza chaka chomwe anafika. Nyuzipepala zakale za ku Australia zili pa Trove, za ku New Zealand pa Papers Past, zonse zaulere. Chilengezo cha maliro nthawi zambiri chimanena kuti malemu anali mbadwa ya tauni yakuti.

Ku United States yambani ndi kalembera. Wa 1850 ndi woyamba kutchula mfulu aliyense m'nyumba ndi komwe anabadwira, ndipo wa 1900 amafunsa chaka chomwe munthu analowa m'dzikomo. Wa 1890 musamufune, pafupifupi yense anawonongeka ndi moto wa mu 1921. Mapepala opempha unzika olembedwa kuyambira kumapeto kwa 1906 amatchula tauni yobadwira, tsiku lobadwa ndi sitima yomwe anakwera. A m'mbuyo mwake kawirikawiri amangoti anali nzika ya Britain.

Omwe anapita ku India, kaundula wa ubatizo, ukwati ndi maliro wawo ali mu India Office Records ku British Library.

Nanga amene anabwera kuno? Pitani ku National Archives of Malawi ku Zomba, koma mudziwiretu kuti moto womwe unatentha ofesi yaikulu ya boma la atsamunda, ya Secretariat, mu 1919 unadya mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira. Zomwe zinapsa ku Zomba nthawi zina mumazipeza ku Kew, chifukwa makalata omwe bwanamkubwa ankatumiza ku London anasungidwa mu gulu la CO 525. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi za atsamunda. Nyuzipepala ya Nyasaland Times inkalemba za azungu, maukwati ndi maliro awo. Wogwira ntchito m'boma mumupeza mu Colonial Office List ndi mu gazeti ya boma. Ndipo musanyoze manda. Chiliza cha pa tchalitchi chakale chimatha kukhala ndi dzina lonse, chaka chobadwa ndi tauni yakwawo, zomwe mukanazisaka miyezi pa intaneti.

Ndinene chinthu chowawa. Ana ambiri omwe azungu anabereka ndi amayi a kuno sanalembedwe paliponse m'dzina la bambo. Mukapeza wilo yotchula mkazi ndi ana a ku England okha, agogo anu osatchulidwa, sizitanthauza kuti agogo ananama. Fufuzani mu kaundula wa ubatizo wa mishoni yapafupi ndi m'mabuku a sukulu, komwe nthawi zina kumalembedwa yemwe ankalipira fizi.

Chachitatu: sitima

Mukadziwa dzina lonse, chaka chobadwa moyerekeza ndi nthawi yomwe anafika, tsopano mukhoza kufuna sitima. Mindandanda ya anthu ochoka ku Britain pa maulendo ataliatali ilipo kuyambira 1890 mpaka 1960. Ili ku Kew mu gulu la BT 27, ndipo mukhoza kuisaka ndi dzina pa mawebusaiti a Findmypast kapena Ancestry, komwe kumafunika kulipira. Ya olowa mu Britain ndi BT 26, kuyambira 1878 mpaka 1960. Musaiwale yachiwiriyi. Wogwira ntchito m'boma kapena pa esiteti ankapita kwawo kutchuthi zaka zingapo zilizonse, ndipo ulendo uliwonse unasiya mzere wake papepala.

Musayembekeze zambiri pa mindandanda yoyambirira. M'zaka za m'ma 1890 mumatha kupeza "Mr" ndi dzina la bambo basi, popanda zaka, makamaka kwa okwera m'zipinda zodula. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 ndi pomwe anayamba kulemba adiresi yomaliza ya munthu ku Britain. Adiresi imeneyo ndi golide. Kawirikawiri imakhala ya mayi ake, mlongo wake kapena apongozi ake.

Mndandanda umatchula doko lomwe munthu akatsikire, osati komwe akakhale. Ine ndinkasaka mawu oti Nyasaland osapeza kanthu, pomwe Nyasaland analibe doko la panyanja yamchere. Wobwera kuno chakumayambiriro ankatsikira ku Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja, n'kukwera sitima zing'onozing'ono kudzera mu Zambezi ndi Shire. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, ya ku Beira n'kutsegulidwa mu 1922, ndi mlatho wa pa Zambezi mu 1935, doko lenileni linakhala Beira. Ena ankatsikira ku Cape Town kapena Durban pa sitima za Union-Castle zochokera ku Southampton, n'kupitiriza pamtunda. Choncho sakani madoko onsewo. Chimodzimodzi wopita ku United States ankatha kutsikira ku Quebec kapena Halifax chifukwa cha mtengo, n'kuwoloka malire pa sitima ya pamtunda.

Chaka cha 1890 chisanafike, mindandanda ya ochoka ku England yomwe inapulumuka ndi yochepa kwambiri. Muyenera kufuna ku doko lofikira. United States inayamba kusunga mindandanda ya ofika mu 1820. Ku New York ankalandirira anthu ku Castle Garden kuyambira 1855 mpaka 1890, kenako ku Ellis Island kuyambira 1892. Ya ku Canada yokhazikika imayamba mu 1865 ndipo ili ku Library and Archives Canada. Ku Australia chigawo chilichonse chinasunga yake, ndipo ya anthu omwe boma linawathandiza ulendo ndiyo yodzaza, nthawi zina mpaka maina a makolo.

Pasipoti musaidalire. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, Angerezi ambiri ankayenda opanda.

Funsani kuti anachoka bwanji

Munthu sankangodzuka n'kuwoloka nyanja. Panali womutuma, womulipirira kapena womuthamangitsa, ndipo ameneyo ndiye analemba. Funso limeneli limatsegula zitseko zomwe mndandanda wa sitima sungatsegule.

Ngati anapita ku Australia pakati pa 1788 ndi 1868, ganizirani zoti mwina anapita ali mkaidi. Anthu oposa 160,000 ochokera ku Britain ndi Ireland anatumizidwa choncho, ambiri pa milandu ya kuba. Sitima yomaliza, Hougoumont, inafika ku Fremantle mu Januwale 1868. Kaundula wa HO 11 ku Kew amatchula sitima, bwalo lomwe linamuweruza ndi zaka za chilango. Ngati mlandu unazengedwa ku London, nkhani yake yonse ikhoza kupezeka pa Old Bailey Online, pomwe pali milandu ya 1674 mpaka 1913, ndipo mumawerenga mawu a mboni ngakhale a woimbidwa mlanduyo. Palibe chochititsa manyazi apa. Mkaidi analembedwa bwino kuposa mfulu: msinkhu wake, mtundu wa maso, zipsera, kwawo.

Ngati anali wosauka, lamulo la 1834 linkalola maparishi kulipirira amphawi awo ulendo, ndipo makalata ake ali mu MH 12 ku Kew komanso m'maofesi osungira zolemba a chigawo chilichonse. Ngati anafika ku Canada ali mwana wopanda makolo pambali, mwina anali mmodzi mwa ana oposa 100,000 omwe mabungwe monga Barnardo's anawatumiza kumeneko kuyambira 1869. Ambiri mwa anawa sanali amasiye, makolo awo anali moyo koma osauka. Library and Archives Canada ili ndi mndandanda wawo. Amene anapita ku Australia nkhondo yachiwiri itatha pa mtengo wa mapaundi 10, mafomu awo ali ku National Archives of Australia. Msilikali, mmishonale, wogwira ntchito ya njanji kapena ya mgodi, aliyense ali ndi bwana yemwe ankasunga fayilo.

Chachinayi: tsopano wolokani

Mwagwira dzina la tauni. Pano zolemba za ku England ziyamba kukuyankhani.

Yambani ndi kalembera. Ankachitika zaka khumi zilizonse, ndipo wotchula maina alipo kuyambira 1841 mpaka 1921. Wa 1841 ndi wosauka: zaka za akuluakulu ankazitsitsa kufika pa nambala yothera ndi 5 kapena 0, moti wa zaka 29 amalembedwa 25, ndipo sanena ubale wa anthu a m'nyumba. Kuyambira 1851 mumapeza ubale, zaka zenizeni ndi parishi yobadwira. Wa 1911 ndimamukonda kwambiri chifukwa mumaona pepala lomwe mwini nyumba analemba ndi dzanja lake, likunena zaka zomwe akhala m'banja, ana omwe anabadwa ndi omwe anamwalira. Nditaona siginecha ya bambo wa munthu yemwe ndinkamusakayo, inki itathimbirira pa chilembo chomaliza, ndinakhala chete kwa kanthawi. Wa 1931 wa England ndi Wales anapsa mu 1942, ndipo mu 1941 kalembera sanachitike chifukwa cha nkhondo. Chotseka mpatawo ndi 1939 Register, yolembedwa pa 29 Seputembala 1939, yomwe imapereka tsiku lenileni lobadwa.

Kalembera mumamugwiritsa ntchito motere. Pezani womaliza yemwe munthu wanu akuonekamo, ndi woyamba yemwe mulibe. Ngati ali kwa makolo ake mu 1901 koma mu 1911 sakupezeka paliponse, ndipo palibe imfa yake yolembedwa, ulendo wake uli pakati pa zaka khumizo. Ngati pali ana, onani komwe aliyense anabadwira. Wachitatu akabadwira ku Leeds, wachinayi ku Ontario, mpata wachepa kufika zaka ziwiri kapena zitatu.

Kenako zikalata za boma. Kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England ndi Wales kunayamba pa 1 Julayi 1837. Mlozera wake ndi waulere pa FreeBMD, ndipo unagawidwa miyezi itatuitatu: Malichi, Juni, Seputembala, Disembala. Makolo ankapatsidwa masabata asanu ndi limodzi, choncho mwana wobadwa mu Disembala akhoza kuoneka mu gawo la Malichi la chaka chotsatira. Mlozera umakupatsani dera, nambala ya buku ndi tsamba. Ndi zimenezi mumaitanitsa chikalata chenicheni ku General Register Office. Pa webusaiti yawo mlozera wa obadwa umaonetsanso dzina la kwawo kwa mayi, zomwe zimakuthandizani kusiyanitsa ana a dzina limodzi musanalipire. Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi chikalata cha ukwati, chifukwa chimatchula bambo wa mkwati ndi wa mkwatibwi pamodzi ndi ntchito zawo, ndiponso mboni, zomwe nthawi zambiri ndi abale. Mukasowa kubadwa kwa munthu wa chaka cha 1875 chisanafike musadabwe. Udindo wokalembetsa unali usanaikidwe kwenikweni pa makolo, ndipo ana ena anatsala.

M'mbuyo mwa 1837 muli m'manja mwa mpingo. Maparishi analamulidwa kusunga kaundula wa ubatizo, ukwati ndi maliro mu 1538, ngakhale ambiri omwe alipo amayamba mochedwerapo. Mabukuwa ali m'maofesi a zolemba a chigawo chilichonse, ndipo ochuluka ali pa FamilySearch, FreeREG, Ancestry ndi Findmypast. Kumbukirani kuti tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa. Mabanja ena ankabatiza ana atatu tsiku limodzi. Ngati banjalo linali la Methodist, Baptist kapena Quaker, fufuzani mu RG 4 ndi RG 6 ku Kew. Ndipo mukafika kutali mpaka 1752 isanakwane, chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi, moti Febuluwale 1740 wa m'bukumo ndi Febuluwale 1741 pa kawerengedwe kathu.

Wilo, ndi otsala kumudzi

Anthu ambiri amasaka wilo ya yemwe anachokayo n'kulekera pomwepo. Sakani ya bambo ake, amayi ake, azakhali ake osakwatiwa. Wokalamba wa ku Devon polemba wilo amatha kunena kuti gawo lina lipite kwa mwana wake yemwe tsopano akukhala ku Natal kapena ku Nyasaland. Mzere umodzi woterewu umamanga mbali ziwiri za nyanja kuposa pepala lina lililonse. Kuyambira 1858 ma wilo onse a England ndi Wales ali m'mlozera umodzi wa boma, National Probate Calendar, womwe umatchula tsiku ndi malo a imfa, kuchuluka kwa chuma ndi yemwe anapatsidwa mphamvu yochigawa. Wofera kunja koma ali ndi katundu ku England amaonekamonso. M'mbuyo mwa 1858 ma wilo ankadutsa m'mabwalo a mpingo, ndipo a ofera kunja ambiri anapita ku Prerogative Court of Canterbury, ndipo ali mu PROB 11 ku Kew.

Chifukwa chomwecho tsatani abale ake onse, osati iye yekha. Angerezi ankasamuka monga timasamukira ife kupita ku Joni: mmodzi amatsogola, akakhazikika aitana mng'ono wake, kenako mlamu. Mukamusowa munthu wanu, mlongo wake akhoza kukhala ndi chikalata chotchula zonse. Nyuzipepala za m'matauni a ku England, zomwe zili pa British Newspaper Archive, zinkasindikizanso makalata ndi zilengezo za maliro a ana a m'deralo ofera kunja.

Musakumbatire mlendo

Vuto lalikulu pa ntchitoyi si kusowa dzina, koma kulipeza msanga. Ine ndinapeza munthu wa dzina lomwelo, wobadwa chaka choyandikira, wokwera sitima yopita ku Beira, ndipo ndinakondwa mpaka kuuza abale. Ndinatsata makolo ake mibadwo itatu. Patapita miyezi ndinapeza kuti munthuyo anafera ku Southern Rhodesia pa nthawi yomwe wathuyo anali akadali moyo pa esiteti. Zonse ndinafufuta, ndipo chondiwawa kwambiri chinali kubwerera kwa amalume kukawauza kuti zija ndinawauza sizinali zoona.

Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili: dzina ndi chaka sizikwanira. Pafunika zinthu zina ziwiri zogwirizana, zochokera m'mapepala osiyana, monga dzina la bambo, ntchito, adiresi, dzina lapakati kapena siginecha. Ndipo yesetsani kumupha munthu wanuyo papepala. Ndikutanthauza kuti mukaganiza kuti mwana wobatizidwa m'parishi yakuti ndiye kholo lanu, fufuzani ngati mwanayo sanamwalire ali wakhanda, kapena sanakwatire n'kukalambira pamudzi pomwepo. Akapezeka mu kalembera wa ku England pa chaka chomwe kholo lanu linali kale kutsidya, si wanu.

Mitengo ya mabanja, ija yoonetsa makolo ndi mibadwo yawo, yomwe anthu amaika pa intaneti muiyang'ane ngati mkuyu wokoma kunja. Anthu amakoperana, cholakwa chimodzi n'kufalikira m'mitengo makumi awiri. Itengeni ngati mphekesera yoti mukaitsimikize. Zaka nazonso anthu ankanama: mnyamata ankawonjezera kuti alowe usilikali, wamkulu ankachepetsa kuti alandire thandizo la ulendo. Posaka lolani zaka ziwiri kapena zitatu mbali zonse. Olemba mlozera amalakwitsanso kuwerenga zolemba pamanja, choncho nthawi zonse tsegulani chithunzi cha pepala lenilenilo muone ndi maso anu.

Lembani chilichonse chomwe mwasaka, komwe mwasaka ndi tsiku lake, ngakhale pomwe simunapeze kanthu. Popanda kope lotere mudzalipira kawiri pa chikalata chimodzi.

Pomwe mapepala athera

Kwa ife omwe agogo athu sanalembedwe m'dzina la bambo awo, kuyezetsa DNA ndi komwe kungatsimikize. Mumatumiza malovu, kapena kathonje kopaka m'kamwa, ku kampani monga AncestryDNA kapena MyHeritage, iwo n'kukuonetsani anthu ena oyezetsa omwe muli nawo magazi amodzi. Yezetsani wamkulu wa onse yemwe ali moyo, ndipo musachedwe, chifukwa mbadwo uliwonse umalandira theka lokha la zomwe kholo linali nazo. Mapelesenti onena kuti ndinu wa dziko lakuti musataye nawo nthawi. Chofunika ndi mndandanda wa abale. Mukaona anthu atatu kapena anayi a ku England, Canada kapena Australia omwe onse akuchokera kwa banja limodzi la m'tauni yomwe mapepala anakulozerani, ndiye kuti mwafika. Musanatumize, onetsetsani kuti kampaniyo imatumiza ndi kulandira katundu kudziko lomwe muli. Ambiri amadzera kwa m'bale wa ku Britain kapena South Africa. Muuzeninso woyezetsayo moona kuti zotsatira zikhoza kuulula zinthu zomwe banja silinkayembekeza.

Polembera abale atsopanowo, fupikitsani. Nenani kuti ndinu ndani, zomwe mapepala ndi DNA zikuonetsa, ndipo nenani poyera kuti simukufuna chuma kapena thandizo, mukungofuna kudziwa. Kumbukirani kuti mwina iwo sanamvepo kuti agogo awo anasiya mwana ku Africa. Ena sayankha. Ena amatenga miyezi. Amene anandiyankha ine anali mayi wachikulire, ndipo m'kalata yake yachiwiri anaikamo chithunzi cha mnyamata ataima pakhonde la nyumba ya njerwa, kumbuyo kwake kukuoneka mizere ya tiyi. Ndinachisindikiza n'kupita nacho kwa amalume. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mphumi iyi ndi ya amayi."